Mwana akadwala kwambiri: komwe banja lingapeze thandizo lisanagulitse munda

Matenda aakulu a mwana amadya ndalama m'njira zimene banja silidaziganizirepo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital (Queens) ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mankhwala a khansa salipiritsa, bedi salipiritsa, opaleshoni salipiritsa. Koma mayi wochokera ku Nsanje kapena ku Mchinji ayenera kukwera minibasi ndi mwanayo, kupita ndi kubwerera, nthawi iliyonse imene dokotala walemba tsiku m'kabuku. Mwana akagonekedwa, gadiyani amafuna ufa, ndiwo, makala, sopo ndi mayunitsi a foni. Kumudzi munda wagwira tchire pakuti wolima ali kuchipatala, geni yaima, ana otsala akufuna fizi. Pofika mwezi wachitatu mbuzi zatha, njinga yapita, ndipo wina wayamba kale kunong'oneza dzina la munthu wa katapila.

Kafukufuku amene adachitika pa wodi ya ana odwala khansa ku Queens adaonetsa kuti ndalama zoyendera ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene makolo amasiyira mankhwala panjira. Izi n'zowawa kwambiri tikaganizira khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ndipo imagwira ana ambiri kuno kwathu. Imakula msanga, komanso imamva mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akamaliza mankhwala onse. Mwana wotere akamwalira chifukwa chosowa ndalama ya basi, ndiye kuti wamwalira ndi chinthu chimene chikadapeweka.

Thandizo lilipo, ngakhale kuti ndi lochepa komanso lomwazikana. Lina mwa ilo lamulo lidakupatsani kale, moti polifuna simukupemphetsa. Vuto ndi loti palibe amene adzakubweretsereni pakhomo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zimene malamulo akunena

Gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limanena za ufulu wa ana, ndipo kuchokera mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo idakonza gawoli, mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Gawoli likuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sadakwatirane kapena adasudzulana. Likupitiriza kunena kuti ana onse, makamaka amasiye, aulumali ndi ena amene ali pamavuto, ayenera kukhala motetezeka ndi kulandira thandizo la boma pamene kuli koyenera kutero. Gawo 13 nalo limapatsa boma udindo woyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo.

Tisanamizane apa. Mawu amenewa sakutanthauza kuti pali ofesi imene mukaonetsa kalata ya dokotala idzakupatsani ndalama mwezi ndi mwezi. Ku South Africa kuli ndalama yotere, ya Care Dependency Grant, imene bungwe la SASSA limapereka kwa wosamalira mwana wa ulumali waukulu, koma imaperekedwa kwa nzika, kwa okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka, choncho abale athu ambiri ali kumeneko sangaipeze. Kuno kwathu ndondomeko yotereyi kulibe, ndipo ine ndimaona kuti ndi mpata waukulu umene aphungu athu ayenera kuutseka. Chimene malamulo amakupatsani pakadali pano ndi poimira: mukalowa mu ofesi ya boma kukafotokoza za mwana wanu wodwala, mukulankhula za udindo umene boma lidavomera lokha.

Kuchipatala: musalipire chimene chili chaulere

Ndalama yoyamba kuipeza ndi imene simudaitaye. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, kuyambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, cha paboma, mpaka zipatala zikuluzikulu za Queens, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Mbali yolipiritsa imene imapezeka m'zipatala zina ndi ya amene wafuna yekha, ndipo palibe amene ayenera kukukankhirani kumeneko ponena kuti mwana wanu athandizidwa msanga. Tsatani ndondomeko yotumizana: yambani pa chipatala chapafupi, iwo akulembereni m'kabuku kuti akutumizani kwina. Kupita nokha ku chipatala chachikulu popanda kalatayo kukhoza kukulipiritsani kapena kukubwezetsani, pokhapokha ngati mwana ali kayakaya. Komanso wodwala wotumizidwa ali ndi mwayi wokwera ambulansi ya boma, ndipo imeneyo si ya malipiro.

Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimalipiritsa, koma kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mgwirizano ndi zambiri mwa izo kuti chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo m'malo ena cha ana osaposa zaka 5, chiziperekedwa ulere, boma n'kumalipira. Mgwirizanowu umasiyana chipatala ndi chipatala. Musanatulutse ndalama funsani kwa kalaliki kuti, "Kodi mwana wa msinkhu uwu ali pa mgwirizano wa boma?" Katemera, mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, ma ARV, ndi chiponde cha ana onyentchera ndi zaulere ngakhale kumeneko. Magazi amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera kwa anthu ongodzipereka sagulitsidwa kwa wodwala m'chipatala cha boma.

Zimachitika ndithu kuti mankhwala atha ndipo mwauzidwa kukagula ku famase. Zikatero musathamange. Funsani dokotala ngati palibe mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo amene alipo, funsani tsiku limene akuyembekezera kulandira ena, ndipo ngati kugula sikungapeweke, akulembereni dzina ndi mlingo wake momveka bwino. Ndalama iliyonse imene mwalipira pachipatala ikhale ndi lisiti. Munthu wovala yunifomu akakukokerani pambali n'kunena kuti mumupatse "kangachepe" kuti mwana alowe msanga ku fiyeta kapena kuti magazi apezeke, chimenecho ndi chiphuphu. Kuyambira mu 2018 m'zipatala za maboma ndi zikuluzikulu mudakhazikitsidwa ofesi ya Hospital Ombudsman yolandira madandaulo otere, ndipo kudandaula n'kwaulere. Mukhozanso kukanena ku Anti-Corruption Bureau. Makolo ambiri amaopa kuti akadandaula mwana wawo azunzidwa. Mantha amenewa ndi omveka, n'chifukwa chake mukhoza kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe, kapena kutuma wachibale amene sagona pa wodipo.

Tsopano funso limene makolo ambiri safunsa chifukwa cha manyazi. Pitani kwa namwino wamkulu wa pa wodi, muwapatse moni, munene mosabisa: "Amayi, tsiku limene mwatipatsali sindikwanitsa kubwera, ndilibe ya thiransipoti. Kodi pali thandizo lililonse?" Mawodi ena, makamaka a khansa ya ana, amagwira ntchito ndi mabungwe amene amathandizako pa mayendedwe ndi chakudya. Ku Queens bungwe la World Child Cancer lakhala likuthandiza wodi ya khansa ya ana, ndipo ku Kamuzu Central kuli a Baylor College of Medicine Children's Foundation. Thandizo lotere limadalira ndalama zimene zilipo nthawi imeneyo, koma anamwino ndi amene amadziwa, ndipo sangalote kuti m'thumba mwanu mwauma. Nthawi zina yankho silikhala ndalama konse: dokotala akhoza kukonza zoti mwana azikayezedwa magazi pa chipatala cha paboma lanu, kapena kuti mukhalebe pa wodi mpaka tsiku la mankhwala otsatira m'malo mopita ndi kubweranso.

Khalaninso tcheru kukhitchini ya magadiyani. Kumeneko, pakati pa mafuwa ndi mapoto akuda ndi utsi, amayi ochokera maboma osiyanasiyana amabwerekana mchere ndi nkhuni, ndipo amene wakhalitsa miyezi iwiri amadziwa tsiku limene a mpingo amabwera ndi sopo, ambulansi ya boma lakwanu imafika liti ndipo imabwerera ndi malo kapena ayi, ndi namwino uti amene amamvetsera. Ambulansi yobwerera yopanda wodwala yapulumutsa mabanja ambiri ku ngongole.

Matenda ena ali ndi malo awoawo kumene mwana amathandizidwa popanda malipiro. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chidatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana, monga a mapazi opindika ndi miyendo yokhota, ulere. Mercy James Centre, imene idatsegulidwa pa Queens mu 2017, ndi ya maopaleshoni a ana ndi chisamaliro cha ana odwalitsitsa. A Operation Smile amasoka milomo yong'ambika chibadwire. Mwana akafuna njinga ya olumala, ndodo kapena mafizo, funsani a Malawi Against Physical Disabilities, ndipo makolo a ana aulumali ali ndi bungwe lawo la PODCAM. Ku Neno a Abwenzi Pa Za Umoyo amathandizana ndi boma pa matenda a mgonagona monga shuga ndi a mtima. Ngati matenda afika posachizika, gulu la Umodzi pa Queens ndi a Ndi Moyo ku Salima amathandiza kuchepetsa ululu ndi kulimbikitsa banja. Kupita kwa iwo si kutaya mwana ayi, ndi kumupatsa masiku opanda ululu.

Pali matenda amene kuno sangatheke, monga maopaleshoni ena a mtima. Unduna wa Zaumoyo uli ndi komiti imene imaunika odwala oyenera kutumizidwa kunja, kawirikawiri ku India, pa ndalama za boma. Dzina la mwana limapita kumeneko kudzera kwa dokotala wamkulu wa pa chipatala chachikulu, osati kudzera kwa phungu kapena munthu wodziwana ndi akuluakulu. Mndandanda wake ndi wautali ndipo kudikira kumapweteka. Pamene mukudikira, konzeranitu satifiketi ya kubadwa ya mwana ku National Registration Bureau ndi mapasipoti, ya mwana ndi ya womuperekeza, ndipo muzifunsa kwa dokotala pamene fayilo yafika.

Kholo limene lathawa udindo

Nkhani iyi ndiyenera kuikhalira pang'ono, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimene mwana akadathandizidwa nazo zimatayikira. Mwana akadwala nthawi yaitali, mabanja ambiri amagwedezeka. Bambo amayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako foni yake siyipezekanso, kenako mumangomva kuti ali ndi banja lina ku tauni. Ena amafika ponena kuti kumtundu kwawo kulibe matenda otere, choncho mwanayo si wawo. Mayi amatsala yekha ndi mwana pamsana, ndipo achibale amamuuza kuti angozisiya m'manja mwa Mulungu.

Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 silikuti muzisiye. Likuti kholo likanyalanyaza kusamalira mwana, khoti la ana likhoza kulilamula kupereka chithandizo, ndipo chithandizocho chikuphatikizapo chakudya, zovala, pogona, maphunziro ndi zachipatala. Amene angakasume si mayi yekha. Mwana mwiniwake, womulera, wachibale, wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, wapolisi, mphunzitsi ngakhale wogwira ntchito zaumoyo akhoza kukatula nkhaniyi. Izi n'zofunika kwa mayi amene sangachoke pambali pa bedi: malume a mwanayo kapena agogo ake akhoza kumuyendera. Kumene kulibe khoti la ana lapadera, khoti la majisitileti limamva nkhani zimenezi.

Kachitidwe kake si kovuta monga momwe ambiri amaganizira. Mukhoza kuyamba ndi ankhoswe kapena ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, kumene amaitana mbali zonse ziwiri kuti zikambirane. Mukagwirizana, zilembedwe ndipo onse asayine. Zikakanika, pitani kwa kalaliki wa khoti, fotokozani, ndipo adzatulutsa chisamani choitana winayo. Pogamula, khoti limayang'ana zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chimene ali nacho, ana ena amene akuwasamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Ngati kholo lili pantchito yolembedwa, khoti likhoza kulamula kuti ndalamayo izidulidwa ku malipiro ake. Akakana kuti mwana si wake, lamulo lomwelo limalola khoti kuunika umboni ndi kugamula za ubambo, ngakhale kulamula kuti ayezedwe kuchipatala. Ngati padali kale chigamulo mwana asanadwale, mukhoza kubwerera kukapempha kuti ndalamayo ikwezedwe pakuti zinthu zasintha.

Chimene chimapambanitsa mlandu wotere ndi mapepala. Tengani kope la sukulu la masamba ochepa, mulisunge m'jumbo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Tsiku lililonse lembani: basi kupita, basi kubwerera, kabaza, mankhwala a ku famase, ufa, makala. Malisiti muziwapanikiza pakati pa masamba. Majisitileti akaona kope lotere pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena matenda ndi nthawi imene mankhwala atenge, sakhalanso ndi chifukwa chongoganizira. Simufunika loya kuti mukasume nkhani ya chithandizo cha mwana, koma ngati yavuta, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndipo ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Lamuloli silikondera: bambo amene watsala ndi mwana wodwala, mayi atachoka, ali ndi ufulu womwewo.

Udindo uli ndi mbali inanso imene makolo tiyenera kuimva. Lamulo lomweli limati mwana amene akufunika chithandizo cha kuchipatala, koma makolo akukana kapena kunyalanyaza kumupititsa, ndi mwana wofunika chitetezo, ndipo boma likhoza kulowererapo. Kuthawitsa mwana pa wodi usiku, kaya chifukwa cha chikhulupiriro kapena chifukwa wina wanena kuti ndi zaufiti, kumaika moyo wake pachiswe. Pempherani, itanani abusa kapena ashehe abwere pa wodi, koma mankhwala apitirire. Mbuzi zambiri zimene zikadalipira basi ya ku Blantyre zimathera kwa anthu olonjeza kuchiza khansa ndi mizu.

Ofesi ya Social Welfare ndi Mtukula Pakhomo

Pa boma lililonse pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, imene ambiri amangoitchula kuti Social Welfare, ndipo m'madera muli alangizi oteteza ana. Ofesiyi kawirikawiri ilibe ndalama zopereka pamanja, koma kalata yake ndi yamphamvu. Akabwera kudzaona pakhomo panu n'kulemba lipoti, lipotilo ndi limene mabungwe, mipingo ndi makampani amakhulupirira. Iwo amadziwa mabungwe amene akugwira ntchito m'bomalo, ndiponso ndi amene amathandiza kusankha ana osowa oti alipiriridwe fizi ku sekondale. Fizi ya mkulu wake wa wodwalayo ikachoka pamutu panu, ndalama imeneyo yasanduka ya thiransipoti.

Mtukula Pakhomo udayamba ngati woyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika mu 2018 udafika m'maboma onse 28. Umalunjika pa mabanja pafupifupi 10 mwa 100 alionse, amene ndi ovutikitsitsa komanso osowa wogwira ntchito: pakhomo pamene palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu, kapena pamene munthu mmodzi akusamalira anthu oposa atatu amene sangadzithandize, monga ana, okalamba, aulumali ndi odwala matenda a mgonagona. Mayi amene ali yekha ndi ana anayi, mmodzi wa iwo wodwala, akhoza kugwera m'gulu limeneli. Koma kalembera wake amachitika patapita zaka, choncho si ndalama yoti muyembekezere pa ulendo wa sabata yamawa. Chofunika ndi kuonetsetsa kuti banja lanu lili m'kaundula wa boma wa mabanja, kuti komiti ya m'mudzi ikudziwa za matendawo, ndipo ngati mukuona kuti mudasiyidwa mopanda chilungamo, kadandauleni ku komiti ya madandaulo kapena ku ofesi ya DC. Kulembedwa n'kwaulere. Mfumu kapena wa komiti wofuna gawo la ndalamayo akulakwira lamulo.

Ngati muli pantchito

Lamulo la Employment Act la mu 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wagwira ntchito miyezi 12: masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka. Koma tchuthi chimenechi ndi cha pamene mwadwala inuyo, osati mwana. Chimene mungagwiritse ntchito ndi tchuthi cha pachaka, masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pasabata ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5, kuwonjezapo chilichonse chimene malamulo a pakampani panu amalola. Musangosowa kuntchito. Lembani kalata, phatikizani ya dokotala, sungani kope lanu. Gawo 57 la lamuloli likuti udindo wa pabanja si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, komanso munthu sachotsedwa pa mlandu asanapatsidwe mpata wodziteteza. Zikachitika, yambani ku ofesi ya Labour ya paboma, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Funsaninso za kutapako malipiro mwezi usanathe kapena ngongole ya pantchito, imene nthawi zambiri ilibe chiongoladzanja chachikulu. Amene muli pa MASM kapena sikimu ina, onetsetsani kuti mwanayo adalembedwa, ndipo funsani malire a ndalama za pachaka musanavomere kugonekedwa m'chipatala cholipira.

Pali ndalama zina ziwiri zimene zimaiwalika. Mwana akavulala pogundidwa ndi galimoto, lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ovulazidwa, choncho tengani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, ndipo musachedwe. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi ndi mapepala oti musayine. Ndipo ngati mwanayo ndi wamasiye, ali ndi gawo pa chuma cha kholo lake malinga ndi lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la mu 2011, limene limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndalama za mwana zikakhala kuti zikusungidwa kwa DC kapena kwa Administrator General, womulera akhoza kukapempha kuti zina zitulutsidwe chifukwa cha matenda.

Kupempha kwa anthu, ndi ngongole

Kwa mabanja ambiri thandizo lofika msanga limachokera kwa anthu. Uzani mfumu, uzani mphakati kapena mlaga wanu, amayi a Mvano, a Dorika, a Vincent de Paul, kapena akuluakulu a pa mzikiti, kumene chopereka cha zakaat chidaikidwira anthu ovutika ngati inu. Magulu ambiri a banki m'khonde amasunga kathumba kapadera ka mavuto ogwa mwadzidzidzi, kosiyana ndi ka ngongole. Pempho lomveka ndi limene limayankhidwa. M'malo monena kuti "tithandizeni", nenani kuti mwana ali ndi maulendo angati otsala, ulendo uliwonse ndi ndalama zingati, ndiponso kuti mukufuna anthu okapalira munda. Amene alibe ndalama ali ndi khasu, nkhuni kapena ufa. Abale a ku Joni ndi kwina auzeni chimodzimodzi, kuti wina atenge ulendo wa mwezi uno, wina wa mwezi wamawa.

Masiku ano ambiri amapempha kudzera pa wailesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndalama n'kumabwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayi yathandiza ana ambiri, koma ili ndi zofunika kusamala. Khalani ndi kalata ya dokotala ndi ya Social Welfare. Nambala yolandirira ndalama ikhale ya kholo kapena ya munthu wosankhidwa pamaso pa mboni, ndipo zolowa ndi zotuluka zizilengezedwa. Musapatse aliyense nambala yanu yachinsinsi, ndipo wokuimbirani foni kuti ndi wa bungwe lakutilakuti koma muyambe mwatumiza ndalama ya fomu, ameneyo ndi wakuba. Kutolera ndalama m'dzina la mwana wodwala n'kuzidya ndi mlandu wopeza chuma mwachinyengo.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi chimene chimandikhudza kwambiri. Mwana wodwala ali ndi ulemu wake. Chithunzi chake ali maliseche, kapena cha chilonda chake, chikalowa pa intaneti sichidzatulukanso, ndipo mwanayo akadzachira adzachipeza, anzake akusukulu adzachipezanso. Mufundeni, onetsani nkhope yokha ngati n'kofunika, ndipo ngati ndi wamkulu woti n'kumva, mufunseni kaye. Kumuyendetsa padzuwa m'misewu ya m'tauni kuti anthu aponye ndalama kumamuwonjezera matenda, ndipo malamulo amaletsa kugwiritsa ntchito mwana popemphetsa.

Katapila akhale kutali. Chiongoladzanja chake chimaposa msanga ndalama imene mudatenga, ndipo amakulandani khadi la ku banki, chiphaso cha unzika kapena mapepala a malo ngati chikole. Bizinesi yobwereketsa ndalama imafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Ngati mudagwa kale m'manja mwake, dziwani kuti lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndi kuichepetsa, choncho kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau musanapereke nyumba. Ngati kukongola sikungapeweke, SACCO kapena banki m'khonde ndi yabwinoko. Munda ukhale chinthu chomaliza kuchiganizira, chifukwa mwana akatuluka m'chipatala adzafuna phala, ndipo abale ake akudya kuchokera m'munda womwewo.

Ngati tsiku lobwerera kuchipatala layandikira ndipo ndalama palibe, musadikire kuti lidutse. Pitani lero kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pa chipatala chapafupi ndi kabuku ka mwanayo, muwauze tsikulo, muwapemphe alumikizane ndi wodi imene ikumuthandiza ndiponso afunse za ambulansi yopita kumeneko. Nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere, ndipo mukhoza kuimba nthawi iliyonse mwana akamamanidwa chithandizo.